Kukonzekera Ulendo wa Kumisasa

Pakutha pa sabata, atsikana a m'gulu la Girl Guides amakonda kukagona m'mahema kutali ndi kwawo. Atsikana a ku Mangochi ali ndi mwayi chifukwa nyanja ya Malaŵi ili pafupi. Angathe kunyamuka Lachisanu masana, kudzera ku Monkey Bay, nakamanga mahema awo ku Cape Maclear, ndi kubwerako Lamulungu.

Makolo ena amakaniza ana awo ulendo wotere. Iwo amati kunyanja kuli ng'ona, mvuu ndi matenda. Mantha ameneŵa si achabe ayi. Komabe mankhwala ake si kutsekera mwana m'nyumba. Mankhwala ake ndiwo kukonzekera bwino, ndipo okonzekerawo ayenera kukhala atsikana eni ake.

Gulu la Girl Guides linayamba ku England m'chaka cha 1910. Amene analiyambitsa ndi Robert Baden-Powell pamodzi ndi mlongo wake Agnes. Mawu amene gululi limayendera ndi akuti, "Khalani okonzeka."

Kukonzekera kumayamba ndi kupempha. Mtsikana aliyense afotokozere makolo ake kumene akupita, akuluakulu amene akutsogolera ulendowo, ndi tsiku lobwerera. Atsogoleri nawonso apemphe malo kwa eni ake. Dera la Cape Maclear lili mu Lake Malawi National Park, malo osungirako zachilengedwe amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980. Kumeneko mlendo saloledwa kudula mitengo kapena kupha nsomba zokongola zija zotchedwa mbuna.

Chachiŵiri ndi katundu. Mtsikana atenge mphasa, neti yotchinga udzudzu, mbale, kapu, sopo ndi tochi. Asaiŵale bulangeti. Ku Mangochi n'kotentha, koma m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumaomba mphepo ya mwera, ndipo usiku kumazizira. Gulu lonse ligaŵane kunyamula ufa, nyemba, mchere, mapoto, mthiko, ndowa, machesi, nkhuni ndi bokosi la mankhwala. Pakhalenso dengu lovindikira bwino, pakuti anyani a kumeneko sachedwa kuba chakudya.

Chachitatu ndi kudziŵa madzi. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma asanamwedwe ayenera kuŵiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. M'zaka za 2022 ndi 2023 anthu ambiri a m'boma la Mangochi anadwala kolera, nthenda imene imafala ndi madzi oipa. Likodzo nalo limagwira munthu wosamba m'madzi mmene muli nkhono zosunga tizilombo ta nthendayi. Nkhonozo zimakonda madzi odikha. Tsono atsikana afunse asodzi za malo amene mumabisala ng'ona, afunsenso a zaumoyo za malo abwino kusambapo. Paja akuluakulu amati, "Safunsa anadya phula." Mtsikana asaloŵe m'madzi yekha, ndiponso asapite kugombe dzuŵa litaloŵa.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchito zonsezi ziyenera kugwiridwa ndi atsikana eni ake? Mtsikana amene amayi ake amulongedzera chikwama sadziŵa chimene chili m'katimo. Koma amene wadziŵerengera yekha kuti kuyambira Lachisanu madzulo kufikira Lamulungu masana nsima idzaphikidwa kanayi, waphunzira kuganiza za maŵa. Ngati aiŵala mchere, adzadya nyemba zosakolera, ndipo sadzauiŵalanso. Udindo wa akulu ndi kuyang'anira ndi kukumbutsa, osati kulanda ntchito.

Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Makolo akaona kuti zonse zakonzedwa bwino, alole ana awo apite. Mtsikana amene wadzikonzera ulendo wa masiku atatu amabwerako ali wodalirika pakhomo ndi pasukulu pomwe.

Mafunso

1. Kodi makolo ena amaopa chiyani pa ulendo wa kumisasa?
2. Kodi gulu la Girl Guides linayamba m'chaka chiti?
3. Tchulani njira ziŵiri zotetezera madzi akumwa.
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Safunsa anadya phula."