Kumwamba kwa Kayelekera kulibe maloboti

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo ndikulimbana ndi inu amene mukangomva nkhani ya ndege mumati, "Aaa, zimenezo n'za mabwana, ife tikulira chimanga." Tadekhani kaye.

Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, uja kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 n'kuimitsa ntchito mu 2014, unayambanso mu 2025 uli m'manja mwa Lotus Resources. Boma lathu lili ndi magawo 15 pa 100 alionse mumgodimo. Takangana kale za madzi a mtsinje wa Sere, za ntchito za ana athu, za malori odutsa pa Karonga. Zonsezo n'zoona. Koma mgodi suitana malori okha, umaitananso ndege: ya akatswiri, ya eni chuma, yodzatenga munthu wovulala. Nanga ndege zikachuluka kumpoto kuno, ndani aziona kuti zisawombane?

Pajatu kumwamba kulibe mizere yoyera, kulibe maloboti, kulibe wapolisi wokweza mkono. Chilipo ndi malamulo a bungwe la ICAO komanso munthu wokhala ndi wailesi. Ndege ziwiri ziyenera kusiyana mapazi 1,000 m'mwamba, pafupifupi mamita 300. Yolowera cha kum'mawa ili ndi misinkhu yakeyake, yolowera cha kumadzulo nayonso yake, kuti zisakumane maso ndi maso. Pamene pali radar, woyang'anira amazitalikitsa pafupifupi makilomita 9. Pamene radar sikufika, iye saona kanthu. Amangodalira mawu a woyendetsa ndege akuti ndili pakutipakuti, n'kuzisiyanitsa ndi nthawi, kawirikawiri mphindi 10 kapena kuposa. Ndege zikuluzikulu ziwiri zikamabwera moyang'anizana, mtunda wa pakati pawo umatha makilomita oposa 25 pa mphindi imodzi. Woyendetsa akamaona kadontho kutsogolo, nthawi yatha kale.

Tsono mvetserani apa. Radar ndi wailesi ya ndege zimayenda mowongoka ngati kuwala kwa tochi, sizikhota phiri. Kuchokera ku Lumbadzi, komwe kuli bwalo la Kamuzu, kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 400, ndipo pakati pali Viphya ndi Nyika. Ndege yodutsa m'mwambamwamba ingaonekebe, koma kandege kotsikira ku Karonga m'mitambo ya mvula kali kokhakokha. Onjezani kuti kungowoloka Songwe mwalowa m'mlengalenga mwa Tanzania, ndipo Zambia ili pafupi kumadzulo. Ndege yochoka uko imapatsiranidwa ngati kamtengo ka mpikisano wothamanga. Lamya ikangofa pakati pa maofesi awiri, kamtengoko kagwa.

Musati ndikukuopsezani chabe. Pa 13 September 1997, pamwamba pa nyanja kufupi ndi Namibia, ndege ya asilikali a Germany inawombana ndi ya asilikali a America, anthu 33 n'kufa. Thambo lonse lija, lopanda kanthu, koma ziwirizo zinapezeka pa mapazi 35,000 nthawi imodzi. Ya Germany inali pa msinkhu wosayenera mbali yomwe imalowera, ndipo uthenga wa ulendo wake sunayende bwino pakati pa maofesi a pansi. Pa 5 March 2024 ku Nairobi, ndege ya Safarilink inagundana ndi kandege kophunzitsira, mphunzitsi ndi wophunzira wake n'kutisiya. Uko n'ku Kenya, komwe timati anzathu anapita patsogolo.

Mukuti kwathu kuno ndege n'zochepa, eti? Namibia yakuyankhani kale. Zimafunika ziwiri basi.

Ndipo ife tili ndi bala lathu. Pa 10 June 2024 ndege ya Dornier 228 ya asilikali athu inagwa ku Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Sinawombane ndi ndege ina, inagunda phiri nyengo itaipa, tisasokoneze. Koma taonani zomwe ngoziyo inavundukula. Ndegeyo inapezeka mawa lake. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anapeza kuti batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa linatha ntchito mu 2004, ndipo m'ndegemo munalibe makina osunga mawu a oyendetsa. Ngati zinali choncho pa ndege yonyamula munthu wachiwiri m'dziko, nanga kandege konyamula mnyamata wa ku Chitipa amene wavulala kumgodi?

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti tonse timakonda zooneka ndi maso. Wandale akalonjeza bwalo latsopano la ndege ku Mzuzu timaomba m'manja, chifukwa nyumba yagalasi imakoma pa chithunzi cha pa Facebook. Mlongoti wa wailesi pamwamba pa phiri sudulidwa riboni. Jenereta yoti nsanja isazime magetsi akathima, malipiro oti woyang'anira ndege wophunzira bwino asathawire kunja, mnzake woti amulandire akatopa, izi palibe amene amaziimbira nyimbo. Chonsecho ku Überlingen mu 2002 anthu 71 anafa usiku umene munthu mmodzi ankagwira ntchito ya anthu awiri.

Ndiye inu a ku Karonga, a ku Chitipa, ngakhale inu a ku Nsanje, phungu wanu akamadzatchula ndalama za Kayelekera, mufunseni zinthu zogwirika. Wailesi ya Lilongwe imamveka kutsika mpaka msinkhu uti pamwamba pa Karonga? Pa bwalo la Karonga pamakhala anthu angati otsogolera ndege, mpaka nthawi yanji? A Malawi Civil Aviation Authority atiuzenso ngati zokambirana za oyendetsa ndege ndi a pansi zikujambulidwa pa mabwalo onse n'kusungidwa masiku 30, monga ICAO imanenera.