Chaka cha apolisi a ku Chongwe chiyambire kukhola

Azakhali anga anaberedwa ng'ombe ziwiri zapagoli mwezi wa November, mvula yoyamba itangogwa. Mbava zinazula mitengo itatu kuseri kwa khola, ndipo kutacha mapazi a ng'ombezo ankaoneka bwinobwino m'matope, kulowera kumsewu waukulu. Msuweni wanga anapalasa njinga kukanena kupolisi. Wapolisi amene anampeza analemba zonse m'buku, mwaulemu ndithu, kenako anati: "Motoka ilipo, koma mafuta mulibe. Mukapeza ya mafuta mubwere, tipite." Ndalamayo inapezeka patapita masiku atatu. Apo n'kuti mvula itafufuta mapazi onse, ndipo nyama mwina itadyedwa kale mu Lusaka. Chaka chimenecho azakhali analima ndi khasu, theka la munda n'kugonera, ndipo pofika January ankagula ufa wa pamela.

Ndikamva kuti apolisi akukonza ndondomeko ya ntchito za chaka, ndimakumbukira mapazi aja. Funso langa ndi limodzi: mafuta ochepa amene alipowo amathera kuti?

Chongwe si kamudzi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 300,000 m'boma lino, ngakhale kuti Rufunsa inachotsedwa kale n'kukhala boma palokha. Mbali ina kuli Silverest, nyumba za mipanda yamagetsi, ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mbali inayo kuli Kanakantapa, Lwimba, Katoba ndi midzi yambirimbiri ya Asoli imene misewu yake imasanduka phala mvula ikagwa. Pakati pake padutsa Great East Road, yodzaza mabasi ndi mathiraki opita ku Chipata, ku Malawi ndi ku Mozambique. Aliyense woyenda pamsewuwu amaonana ndi yunifolomu. Munthu wa kumudzi akhoza kutha chaka osaiona, kupatula pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene akuluakulu a boma abwera kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II.

Sindikunena kuti msewu usiyidwe. Ngozi zikupha anthu, ndipo dalaivala woledzera ayenera kugwidwa. Koma msewu uli ndi a RTSA, amene ntchito yawo ndi yomweyo. Mayi womenyedwa usiku ku Lwimba ali ndi yani?

Upandu wa kumudzi uli ndi nyengo zake, ndipo agogo aliyense angakuuzeni popanda kutsegula buku. Mvula ikayandikira, mbava zimalunjika ng'ombe zolimira ndi feteleza. Chimanga chikauma chimathyoledwa usiku chili m'munda, ndipo ogula oyendayenda amabwera ndi masikelo okhota. Ndalama za zokolola zikalowa, mowa umachuluka, ndipo akazi amene anapalira munda ndiwo amagona panja ndi maso otupa. Sukulu zikatsekera, atsikana ena sabwereranso. Wapolisi amene akudziwa kalendala imeneyi sadikira kuti mlandu umpeze pa kauntala. Amasungira mafuta miyezi yovutayo, amayendera mabutchala, ndipo thiraki ya ng'ombe ikadutsa usiku amafunsa chikalata cha a vetenale. Ngati pali chifukwa choimira pamsewu pakati pa usiku, n'chimenecho.

Malamulo alipo, ndipo ndi okhwima. Wakuba ng'ombe akapezeka wolakwa amalowa zaka zosachepera zisanu. Wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 amalowa zaka zosachepera 15. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2011, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inathetsa ukwati wa mwana aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma lamulo limafuna umboni, ndipo umboni sudikira. Mtsikana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mankhwala oteteza ku HIV agwire ntchito. Akauzidwa kuti abwere mawa, kapena makolo ake akayamba kusakasaka ndalama ya mafuta, mlanduwo umathera pansi pa mtengo: mbuzi ziwiri, kupepesana, basi. Mwanayo amakula akukumana ndi munthu yemweyo pachitsime.

Apa mpamene mtima wanga umawawa kwambiri. Nthambi ya Victim Support Unit yakhala ikugwira ntchito kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2023 apolisi analandira milandu ya nkhanza yopitirira 40,000 m'dziko lonse. Imeneyo ndi ya anthu amene anakwanitsa kufika pa ofesi. Nthambi yotere siyenera kupempha motoka kwa anzawo ngati mlendo. Iyenera kukhala yoyamba pogawa mafuta a mwezi.

Apolisi eniake sindiwaweruza onse pamodzi. Ndikudziwa ena amene amayenda wapansi mtunda wautali kukatenga woganiziridwa, ena amagula chakudya cha omangidwa ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Amagona m'nyumba zothina, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi anthu amene akuwayang'anira. Vuto lagona kwa ogawa chuma. Ndalama za CDF, zotukulira dera lililonse la phungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Boma linagula magalimoto apolisi ndi ndalama zomwezi, imodzi pa dera lililonse la phungu. Chinali chinthu chabwino. Koma galimoto yopanda dizilo ndi khola la nkhuku chabe, ndipo amene anaigula ayenera kunena poyera kuti mafuta ake a chaka chonse achokera kuti. Mlimi wobedwa asamalipire kawiri, kwa mbava ndi kwa boma.

Ndipo tiyeni tileke kunong'ona za nchekeleko. Police bond, yotulutsira womangidwa m'selo podikira mlandu, ndi yaulere. Akuluakulu a polisi anena zimenezi kambirimbiri, koma anthu ambiri akumudzi sadziwa, ndipo wosadziwa ndiye amagulitsa mbuzi kuti mwana wake atuluke m'selo. Mawu amenewo alembedwe pakhoma la positi iliyonse m'Chisoli ndi m'Chinyanja, pamodzi ndi njira yokadandaulira ku Police Public Complaints Commission. A neighbourhood nawonso, amene amalondera midzi ndi tochi ndi ndodo, aphunzitsidwe malire a mphamvu zawo, chifukwa kumene polisi safika anthu amayamba kudziweruzira okha, ndipo womenyedwa ndi gulu nthawi zina amakhala wosalakwa.

Chimene ndikupempha sichifuna ndalama zambiri. Kamodzi pachaka, mkulu wa polisi wa boma lino aime pamaso pa makhansala, mafumu ndi anthu wamba, wailesi ya m'dera ikuulutsa, anene kuti: ng'ombe zobedwa zinali zingati, zobwezedwa zingati, milandu ya ana yofika kukhoti ingati, ndipo motoka inapita kangati kumidzi yakutali. Tikamva manambalawo tidzadziwa pofunika kuthandiza ndi pofunika kukalipa.

A khansala, a phungu, ndi inu a komiti ya CDF, mvula ikubweranso. Ikani mafuta a polisi pa ndondomeko ya msonkhano wanu wotsatira, ng'ombe zisanayambe kusowa m'makola.