Dzanja lamanzere liyambe ndilo

Ana anga amene mwakopeka ndi boogie woogie, tatcherani khutu. Ambiri a inu mukangokhala pa piyano, mtima umathamangira ku dzanja lamanja, lija limathyakula tokometsera m'mwamba. Komatu mwini nyimbo ndi dzanja lamanzere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tokometsera tikachuluka kumanzere kukugwedera, ovina amabwerera kukakhala pansi.

Nyimboyi inakulira pakati pa anthu akuda a ku America, m'misasa ya ocheka matabwa ndi omanga njanji ku Texas ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko munthu mmodzi, pa piyano yakutha, ankavinitsa chipinda chodzaza mpaka tambala kulira, wopanda womuthandiza. Dzanja lamanzere ndilo linali ng'oma yake. N'chifukwa chake limagunda maulendo 8 pa chigawo chilichonse chimene oimba amati bar, osapuma, osasintha liwiro.

Yambani ndi C. Manzere ayende chonchi: C, E, G, A, B flat, A, G, E. Mayendedwe omwewo muwasamutsire pa F ndi pa G, motsata ma bar 12 a blues: anayi pa C, awiri pa F, awiri pa C, imodzi pa G, imodzi pa F, awiri omaliza pa C. Imbani pang'onopang'ono, phazi likugunda pansi, dzanja lamanja lili phee pabondo. Ndikudziwa, zimatopetsa, ndipo a m'nyumba adzadandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene mudzathe kucheza ndi mnzanu manzere akudziyendera okha osaphonya, pamenepo itanani lamanja, nalonso liyambe ndi chord imodzi yokha poyambira bar. Mkono ukayamba kuwawa lekani, ndiye kuti mwaumitsa. Gwedezani dzanja, mupume, mubwerere modekha kuposa poyamba.

Musaiwale makutu. Akatswiri a nyimboyi anaphunzira pomverana. Ku Chicago, Albert Ammons ndi Meade Lux Lewis anali oyendetsa matakisi, ndipo nthawi ina ankakhala m'nyumba imodzi ndi Pinetop Smith, uja anajambula "Pinetop's Boogie Woogie" mu 1928. Lewis anajambula "Honky Tonk Train Blues" mu 1927, koma mu 1935 wojambulitsa nyimbo John Hammond anam'peza akutsuka magalimoto. Mu December 1938 Lewis, Ammons ndi Pete Johnson anaimba ku Carnegie Hall ku New York, dziko lonse n'kutekeseka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Koma amene ndimafuna mumumvere kwambiri ndi Jimmy Yancey. Zaka zambiri ankasamalira bwalo la masewera la Chicago White Sox, ndipo anayamba kujambula mu 1939, anyamata amene anatengera kwa iye atatchuka kale. Manzere ake sathamanga, ndipo mawu amene amagunda ndi ochepa moti wophunzira angathe kuwatola ndi khutu. Sankhani nyimbo yake imodzi, muimvere mobwerezabwereza mukung'ung'udza zakumanzere zokha, kenako mukazifune pa piyano. Pamene pakuvutani, pitani kwa woimba wamkulu amene muli naye pafupi akumvereni, pakuti safunsa anadya phula. Mum'pemphe awombe m'manja inu mukuimba, akuuzeni bar imene mumayambira kuthamanga.