Foni isamatisankhire chilichonse

Loweruka lapitali ndinaima pa Songani, pa kashopu kena kowotchera nyimbo ndi mafilimu, kudikira kuti foni yanga ilowe moto. Pa ola limodzi lomwe ndinakhalapo panabwera achinyamata angapo, ndipo onse amanena chimodzimodzi: "Aise, ndiikire zatsopano." Palibe amene anatchula dzina la filimu. Mnyamata wa pakompyuta ndiye amasankha, iwo n'kulipira, n'kumapita.

Sindikumunena mnyamatayo, akusaka ya sopo ngati tonsefe. Chomwe chinandikhudza n'choti nafenso a pa intaneti timachita zomwezo. Timatsegula TikTok, Facebook kapena YouTube, n'kumayendetsa chala basi. Makina ndi amene amatisankhira, ndipo amasankha potengera chomwe chinatichedwetsa dzulo. Ukaonera kanema wa anthu akukangana kwa mphindi ziwiri, mawa akupatsa khumi otero. Makinawo sadziwa kuti ukulemba MSCE chaka chino kapena kuti ukuganiza zopita ku Joni. Mnzako ndiye amadziwa zimenezo.

Ndiye maganizo anga ndi awa: tibwerere ku khalidwe louzana, munthu ndi munthu, chomwe tawerenga, taonera kapena tamvera, ndipo pouzanapo tisamaiwale za kwathu kuno.

Taganizirani komwe tikukhala. Pafupi ndi Songani pali Domasi, pomwe pali Malawi Institute of Education, bungwe lomwe limakonza masilabasi a sukulu za pulayimale ndi sekondale m'dziko muno. Pomweponso pali Domasi College of Education, komwe kumaphunzira aphunzitsi. Mukakwera minibasi kulowera ku tauni mupeza University of Malawi. Chigwa chino ndi cha mabuku, koma ambiri a ife buku timalidziwa ngati chinthu cha mayeso. Tikangotuluka m'chipinda cholembera, zathera pomwepo. Buku limafa pamene palibe wouza mnzake kuti "ichi werenga", ngakhale litasindikizidwa bwino chotani.

Mukufuna umboni woti buku limodzi lingasinthe moyo? William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale. Kuchokera pamenepo anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Bukulo likanangokhala pa shelefu osaligwira, bwenzi lero tilibe nkhani yoti tinene.

Koma kuuzana kuli ndi luso lake. Kungolemba pa status kuti "iyi ndi moto" sikuthandiza munthu amene bandulo yake ndi ya tsiku limodzi. Nenani zinthu zitatu: dzina lake, chifukwa chomwe mukuganiza kuti iyeyo achikonda, ndi komwe angachipeze. Ngati chimadya data yambiri, muchenjezeni. Ngati pali mbali yomwe sinakusangalatseni, nenaninso, kuti mawa adzakukhulupirireni.

Poti ndayambitsa ndine, nazi zanga.

Kwa mnzanga amene akulota za Joni, ndikuti apeze Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933. Ambiri tinalithawa poti linali la kusukulu. Koma muliwerenge popanda mantha a mayeso, muona mnyamata wovuta, wochoka pamudzi kukasaka moyo kutali, n'kudzabwerera atasinthika. Zaka zoposa 90 zadutsa, koma mnyamata ameneyu mukumudziwa, mwina amakhala nyumba yoyandikana nanu. Funsani mphunzitsi wa Chichewa kapena mchimwene wanu amene anamaliza Folomu 4, sangalephere kukulozerani.

Kwa amene amakonda kutsutsana za ndale pa gulu la WhatsApp, ndikuti awerenge Jack Mapanje. Anali mphunzitsi pa Chancellor College pomwe anamangidwa mu 1987, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu, m'boma lathu lomwe lino, mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndakatulo zake za mu Of Chameleons and Gods, za mu 1981, ndi za m'Chingerezi ndipo zimafuna kudekha. Mukazimvetsa, mudziwa kuti ufulu womwe timalembera chilichonse pa Facebook lero ena anaugonera pansi.

Pa kanema, The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, yomwe anatsogolera Chiwetel Ejiofor, ili pa Netflix ndipo mbali yaikulu amayankhula Chichewa. Inde, Chichewa cha ena mwa ochita sewerowo chikusekesani, koma nkhani ya njala ija ikukhazikani chete. Ndikuwonjezeranso The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya mu 2017, yonena za atsikana awiri oyendayenda mumzinda wa Blantyre. Simawaweruza, imangokuonetsani mmene anafikira pamenepo.

Pa zomvera, yesani Podcast Malawi pa YouTube, komwe amacheza nthawi yaitali ndi anthu odziwika. Si pulogalamu iliyonse yomwe imandigwira mtima, ndipo ndi zazitali, choncho sankhani mlendo amene mukufunadi kumumva, mukatsitse pomwe pali Wi-Fi. Musanyozenso wailesi. Makolo athu ankasonkhana kumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Zimachitika, m'mawa mwake n'kumakambirana pa mjigo. Podcast ndi mdzukulu wa zimenezo, kusiyana kwake n'koti ifeyo timamvera tokhatokha ndi mahedifoni, osauzako wina.

Wina anena kuti, kodi iwe ukufuna tisiye mafilimu a ku Nigeria ndi a ku Korea? Ayi ndithu. Mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa, nanenso ndimaonera. Koma a kunjawo ali ndi makampani owatsatsa usiku ndi usana. Wolemba wa ku Malawi kapena wojambula filimu wa ku Ndirande alibe zimenezo. Womutsatsa wake ndi pakamwa pa inu ndi ine. Tikakhala chete, palibenso wina amene amuyankhulire.

Winanso ati mabuku ndi odula komanso osowa. Zoona, sindingatsutse. N'chifukwa chake kuuzana kuyenera kuyendera limodzi ndi kubwerekana. Anthu asanu aliyense akakhala ndi buku limodzi, ndiye kuti aliyense ali ndi mabuku asanu, bola wobwereka azibweza. Ku Zomba kuli laibulale ya National Library Service, yomwe ambiri timangoidutsa. Ndipo pamene ntchito ya Mmalawi mnzathu ikugulitsidwa movomerezeka, tiyesetse kugula m'malo mokawotchetsa, chifukwa ndalama ya pakashopu paja simufika mwini wake.

Sabata ino chitani chinthu chimodzi. Sankhani mnzanu mmodzi, osati gulu lonse, mumutumizire dzina la buku, filimu kapena podcast, ndi ziganizo ziwiri zofotokoza chifukwa chomwe mwamuganizira iyeyo. Pakatha sabata mumufunse kuti waona bwanji. Akati sizinamusangalatse, musakwiye, muuzeni kuti tsopano ndi nthawi yake yoti akusankhireni.