Agogo “anagwirako” ntchito ya uphunzitsi?

Loweruka lapitali tinaika m'manda agogo anga, mayi awo a mayi anga, kumudzi kwathu ku Dedza. Nthawi yowerenga mbiri itakwana, amalume anaimirira ndi kapepala kong'amba m'kope. Anatchula chaka chimene agogo anabadwa, chaka cha ukwati, ana ndi adzukulu amene asiya, kenako anati malemuwo anali mkazi wa malemu Sajeni ndipo anagwirako ntchito ya uphunzitsi. Mbiri inathera pomwepo, akwaya n'kuyambitsa nyimbo.

Mawu oti “anagwirako” andisowetsa tulo sabata yonseyi. Amalume sindikuwaimba mlandu, munthu amene wataya mayi ake sasankha mawu. Koma agogo anaima pabolodi zaka zoposa 30, ndipo choko chinawasiyira ming'alu m'zala imene anapita nayo kumanda.

Maphunziro a uphunzitsi anachitira ku St Joseph's ku Bembeke, koleji ya atsikana okhaokha ya mpingo wa Katolika, kumalo kumene chisanu chake chimaumitsa zala. Anakwatiwa ndi msilikali dziko litangolandira ufulu mu 1964, nthawi imene asilikali a Keyala anasanduka Malawi Rifles. Nyumba yawo yoyamba inali kumalayini ku Cobbe Barracks ku Zomba. Kuchokera kumeneko anapita ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, kenako ku Moyale ku Mzuzu, n'kubwereranso ku Zomba.

Pamapepala a boma wosamutsidwa anali mwamuna. Koma amene ankakulunga mbale m'zitenje, kumanga mbaula ndi chingwe ndi kukweza ana palole ya asilikali anali agogo. Kalasi ankaisiya pakati pa teremu, ana atangoyamba kugwira kuwerenga. Akafika kwinako ankayamba kuyenda kumaofesi a zamaphunziro ndi kalata m'manja kupempha malo, ndipo akawapeza ankakhala mlendo, wopatsidwa kalasi imene ena onse aikana. Anzawo a ku Bembeke anakwera mpaka kukhala aphunzitsi aakulu. Iwo anapuma ntchito akadali ku Sitandade 1, ndipo sindinawamvepo akudandaula za udindo. Chimene chinkawapweteka, ankatero, chinali kusiya mwana ali pakati pa “ba” ndi “be”.

Zaka zowawa kwambiri zinayamba mu 1987, asilikali athu atatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, imene zigawenga za Renamo zinkaiwononga. Agogo aamuna anapita nawo. Masiku amenewo kunalibe foni ya m'manja yoti munthu n'kuimbira kunyumba kunena kuti ndadzuka bwino. Mayi anga ankasimba kuti madzulo wayilesi ya MBC ikafika pa mauthenga achisoni, agogo ankasiya mthiko mumphika n'kuima chilili mpaka dzina lomaliza. Galimoto ya asilikali ikaima pafupi ndi nyumba, malayini onse ankangoti zii, amayi akusuzumira pazenera kuti ilowera khomo liti.

M'mawa mwake agogo ankavala bwinobwino n'kupita kukalasi yodzaza ndi ana a asilikali omwewo. Mnyamata wina amene bambo ake anabwera m'bokosi anabwerera kusukulu patatha masabata awiri, osayankhula ndi aliyense. Agogo sanamufunse kanthu. Anamuikira kampando pafupi ndi tebulo lawo, n'kumupatsa ntchito yosunga choko ndi dasitala. Mnyamatayo tsopano ndi bambo wa imvi, ndipo Loweruka lija anabwera kuchokera ku Mzuzu paminibasi, n'kunyamula nawo bokosi. Nkhaniyi anandiuza yekha kuseri kwa nyumba. Papepala la amalume panalibe.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo. Agogo anapezeka pansi pa mtengo ndi ana oposa 100, bolodi atalitsamiritsa kutsinde. Achinyamata amene analembedwa ntchito mwachangu asanapite kukoleji ankabwera kunyumba madzulo kuti Madamu awaonetse kalembedwe ka sikimu.

Ine agogo ndinawadziwa bwino mayi anga atamwalira mu 1996, zaka zimene Edzi inkasesa makolo m'midzi ndi m'tauni momwe. Tinapita kwa agogo tilipo atatu, wamng'ono akadali kumbuyo. Pensulo imodzi ankaidula ndi lezala zidutswa zitatu, aliyense chake, n'kuchimangirira ulusi kuti tizivala m'khosi. Makope akatha tinkalemba pansi pabwalo ndi kamtengo, iwo atakhala pamkeka akusankha nyemba, diso limodzi lili palichero, lina pa zilembo zathu. Ukakhotetsa “g” ankangofufuta ndi phazi, osakalipa, iwe n'kuyambiranso. Fizi yanga ya kusekondale inachokera m'penshoni yawo ndi m'beseni la zitumbuwa. Ndemanga imene mukuwerengayi inayambira pafumbi limene lija.

Chaka chilichonse mu Novembala atsogoleri amaika nkhata za maluwa pazipilala zokumbukira asilikali, monga chija cha Keyala ku Zomba, ndipo n'zoyenera. Asilikali athu akupitabe kunkhondo za eni. Mu Novembala 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni ku Congo, ndipo mu Januwale 2025 tinatayanso atatu kum'mawa kwa dziko lomwelo. Lero lino kumalayini kuli amayi amene akugona foni ili m'manja, ena aphunzitsi, ena anamwino, ena ogulitsa kaunjika. Mawa alawirira kuntchito ngati palibe chimene chikuwadya mumtima. Amayi amenewa akutumikiranso dziko, ngakhale sadzawomberedwa mfuti pamanda.

Pempho langa kwa akuluakulu osamutsa anthu pantchito ndi lakuti musanasaine kalata, muzifunsa ngati mkazi wa munthuyo ali ndi ntchito yakeyake, ndipo malo ake azikonzedwa limodzi ndi a mwamuna wake. Inu amene mudzapatsidwe kapepala ka mbiri pamaliro a mayi wotere, funsani kaye kwa amene mayiyo anawaphunzitsa ndi amene anawalera musanalembe.

Titabwera kumanda tinatsegula bokosi lachitsulo lakuda lolembedwa nambala ya usilikali ya agogo aamuna. M'katimo munali satifiketi ya ku Bembeke, mabuku a sikimu okutidwa ndi nyuzipepala, ndi bolopeni yofiira. Monga banja tagwirizana kuti tikamadzamanga chiliza chaka chamawa, pansi pa dzina lawo tidzalemba mawu oti Mphunzitsi, ndipo amene anayambitsa ganizoli ndi amalume omwe aja.