Manja a Mwana Nawonso Alembedwe Sukulu

M'sukulu zambiri zapulaimale m'dziko muno muli nthawi ina imene imalembedwa bwinobwino pa ndandanda ya maphunziro ya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, koma m'kalasi siioneka. Belu likalira kuti tsopano ndi nthawi yojambula, youmba, yoimba kapena yopanga zipangizo, mphunzitsi amatenga choko nkudzaza bolodi ndi manotsi, kapena amangouza ana kuti apitirize masamu a dzulo. Pena ana amatumidwa kukasesa pabwalo, ndipo kusesako kumawerengedwa ngati ntchito zamanja. Motero mwana amatha zaka zisanu ndi zitatu pasukulu manja ake asanaphunzire kanthu kena koposa kugwira cholembera.

Nkhaniyi ndi yofunika kuti atsogoleri a Chipani ndi onse ogwira ntchito m'Boma aiganizire mofatsa. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, adaima pa mizati itatu: ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Mizati yonseyi imafuna amisiri, anthu odziwa kuyeza, kudula, kulumikiza ndi kukonza. Anthu oterewa sayamba luso lawo atamera kale ndevu. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo poyambira pa mmisiri aliyense ndi m'makalasi a pulaimale.

Vuto silili m'silabasi ayi. Ndondomeko ya maphunziro imene idayamba kulowa m'sukulu m'chaka cha 2007, yokonzedwa ndi akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, idaika phunziro la Expressive Arts, momwe muli kujambula, kuumba, nyimbo, magule, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi, komanso phunziro la sayansi ndi luso lopanga zinthu. Chimene chidasoweka ndi mphunzitsi wodziwa maphunzirowa mozama. Pamene sukulu yaulere idayamba m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo Boma lidalemba aphunzitsi ambiri mwachangu kuti ana asakhale okha. Kuyambira nthawi imeneyo mphunzitsi mmodzi wakhala akusenza maphunziro onse, nthawi zina pamaso pa ana oposa 100. Nzosatheka kuti munthu mmodzi akhale katswiri wa masamu, wa ng'oma, wa dongo, wa mawaya ndi wa chinenero cha manja nthawi imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chinanso chimene chapha maphunzirowa ndi kaphunzitsidwe kongoyang'ana mayeso. Pa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, luso limafunsidwa papepala. Tsono mwana amaloweza mayina a zida zosemera koma sanagwirepo sompho, amatchula mitundu ya ng'oma koma sadziwa kukunga ngakhale imodzi. Akakhoza amati wadziwa luso, chikhalirecho wangodziwa mayina.

Komatu dziko lino si losauka pa luso. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli zithunzi zimene makolo adajambula pamiyala m'malo 127, ndipo bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zidalemekezedwa ndi bungwe lomwelo m'chaka cha 2005. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa m'chaka cha 1976 adasula anthu osema ziboliboli amene ntchito zawo zidafika mpaka kumaiko akunja. M'mudzi uliwonse muli mayi woumba mbiya, bambo woluka malichero ndi mphasa, kalipentala, telala ndi mnyamata wokhoma zidebe. Nzomvetsa chisoni kuti anthu amenewa amadutsa pasukulu tsiku ndi tsiku popanda wowaitana kuti alowe m'kalasi.

Pa luso lopanga zinthu, mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ndi phunziro lokwanira. Njala ya m'zaka za 2001 ndi 2002 itamchotsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, mnyamatayu ankabwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku ka pasukulu yapulaimale ya kwawo. Ataona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku lotchedwa Using Energy, adatola zitsulo zotayidwa, mapaipi, zida za njinga ndi mitengo ya bulugama, nkupanga makina amene adayatsa magetsi panyumba ya makolo ake. Adachita zimenezi popanda mphunzitsi. Nanga ndi ana angati a mtima ngati wake amene luso lawo lidafera m'mazira chifukwa panalibe wowaonetsa poyambira? Matabuleti amene adayamba kugawidwa m'makalasi ang'onoang'ono m'chaka cha 2023 pansi pa ndondomeko ya BEFIT ndi othandiza pa kuwerenga ndi masamu, koma kukhudza galasi ndi chala sikufanana ndi kulumikiza batire, waya ndi babu mpaka kuwala kuoneke.

Pali ana ena amene kwa iwo manja si chida cha luso chabe, koma ndiwo pakamwa pawo penipeni. Awa ndi ana osamva. Msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva umene udachitikira ku Milan m'chaka cha 1880 udagamula kuti anawa aziphunzitsidwa kuyankhula ndi kuwerenga milomo m'malo mwa manja, ndipo ganizo limeneli lidapondereza ana osamva m'maiko ambiri mpaka pamene msonkhano wa ku Vancouver udalikana poyera m'chaka cha 2010. Lero nzodziwika kuti chinenero cha manja ndi chinenero chokwanira, chokhala ndi malamulo akeake, ndipo maiko ambiri ali ndi chawochawo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 adachiika pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, mndandanda womwewo umene uli ndi Chichewa. Dziko la South Africa lidachita chimodzimodzi m'chaka cha 2023.

Kuno ku Malawi, Boma lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa mtanthauziramawu wa chinenero cha manja cha ku Malawi m'chaka cha 2021. Sukulu zapadera zilipo, monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi Bandawe ku Nkhata Bay, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Koma sukuluzi ndi zochepa ndipo malo ake ndi owerengeka. Ana ambiri osamva amakhala m'sukulu wamba, kumbuyo kwa kalasi, akuyang'ana milomo ya mphunzitsi ikugwedezeka popanda kutolapo kanthu. Akalephera amatchedwa mbuli, pomwe wolephera weniweni ndi sukulu imene sidathe kuyankhula nawo. Nchifukwa chake chinenero cha manja chiyenera kuphunzitsidwa kwa ana onse, akumva ndi osamva omwe. Mwana wakumva amene waphunzira moni, manambala ndi mawu a tsiku ndi tsiku ali mu Sitandade 3 ndiye namwino, wapolisi ndi kalaliki wa kukhothi wa mawa, amene munthu wosamva adzamupeza akadzadwala kapena akadzalakwiridwa.

Ena amanena kuti dziko limene ana ake ambiri akuvutikabe kuwerenga lisataye nthawi ndi dongo ndi ng'oma, ndiponso kuti ndalama zolembera aphunzitsi apadera palibe. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma lili ndi yankho. Luso silimba nthawi ya kuwerenga: mwana woumba amaphunzira kuyeza, woluka amawerenga mizere, ndipo amene amakondwa ndi sukulu sathawa kukaweta mbuzi. Kunena za ndalama, sipafunika katswiri pasukulu iliyonse. Sukulu zidagawidwa kale m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wa maphunziro ndi malo osonkhanira aphunzitsi. Aphunzitsi atatu pa zoni, wina wa luso, wina wa zopangapanga ndi wina wa chinenero cha manja, atapatsidwa njinga ndi ndandanda yoyendera sukulu, akhoza kuphunzitsa ana ndi kusula anzawo nthawi imodzi. Dongo, bango, mlaza, nsungwi ndi mawaya otayidwa sizifuna ndalama zakunja.

Tsono aliyense ali ndi gawo lake. Unduna wa Zamaphunziro uyenera kulola ophunzira m'makoleji a uphunzitsi kusankha phunziro limodzi loti alidziwe mozama, ndiponso kulemba ntchito anthu osamva odziwa chinenero chawo, popeza iwo ndiwo eniake. A MANEB ayenera kupeza njira yakuti chinthu chimene mwana wapanga ndi manja ake chiziwerengedwa pa malikisi. Alangizi akamayendera sukulu azifunsa kuona zimene ana apanga, osati makope a manotsi okha. Apampando a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a sukulu, alembe mayina a amisiri a m'midzi yawo ndi kuwapempha kuti azithandiza aphunzitsi kamodzi pa sabata. Koposa zonse, afufuze khomo ndi khomo ana osamva amene makolo akuwasunga kunyumba, ndipo awaperekeze kusukulu.

Ntchito ya Chipani siyesedwa ndi kuchuluka kwa misonkhano, koma ndi zimene zasintha pakhomo pa munthu wamba. Mtsogoleri aliyense wa m'dera, teremu ino isanathe, apite pasukulu ya kwawo, afunse nthawi ya phunziro la luso, ndipo akhale pansi m'kalasimo kuti aone yekha chimene manja a ana akuchita.