Kuchoka pa F-15 kupita pa C-130: kodi n'kutsitsidwa?

Mu 2014, asilikali a Montana Air National Guard ku Great Falls, m'dziko la America, anasiya ndege zankhondo za F-15 n'kulandira zonyamula katundu za C-130H Hercules. F-15 imatha kuthamanga makilomita oposa 2,500 pa ola, pomwe C-130H, ya mainjini anayi a mapulopela, siifika 600. Kodi kusamutsa woyendetsa ndege motere n'kwanzeru?

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Boma limawononga ndalama zambiri ndi zaka zingapo kuti munthu adziwe kumenya nkhondo m'mlengalenga, ndipo lusolo limazirala likangokhala. Chizolowezi nachonso chikhoza kupha. Mu F-15C munthu amakhala yekha, amaganiza yekha, ndipo zikavuta mpando umamuponyera kunja. Mu C-130H mulibe mpando wotero, ndipo ntchito amagawana anthu asanu: oyendetsa awiri, wolondolera njira, injiniya ndi woyang'anira katundu. Mainjini a F-15 ndi oyandikana, koma a C-130 ali m'mapiko. Injini yakumapeto ikazima ponyamuka, ndege imapotokera mbali yomweyo, ndipo phazi liyenera kuponda msanga chowongolera chakumchira. Wozolowera kuthawa vuto ndi mphamvu ya injini amapeza kuti ndege yolemerayi imachedwa kumumvera, choncho ayenera kuganiziratu patali.

Komabe mbiri ikuonetsa kuti lusolo silipita pachabe. Pa nkhondo ya ku Vietnam, America inkaika dala oyendetsa ndege zankhondo m'ndege zochedwa za mainjini awiri, monga O-2 Skymaster ndi OV-10 Bronco, kuti azilozera anzawo poponya mabomba. Ankadziwa zomwe mnzawo wa mu jeti angaone ndi zomwe sangaone. Kuchedwa kwa ndegezo n'kumene kunkawapatsa mpata woyang'anitsitsa pansi. Naye wa C-130 amauluka motsika pakati pa mapiri n'kutera pamabwalo afumbi. Maso akuthwa ndi mtima wosanjenjemera zimafunikanso kumeneko.

Ine ndikuona kuti kusamukaku si kutsitsidwa, ndipo chovuta chenicheni si liwiro ayi, koma kuphunzira kumvera ena. Mutu umodzi susenza denga. Injiniya wa udindo wotsika akanena kuti china chake sichili bwino, katswiri wochokera ku F-15 amve. Akuluakulu asamufupikitsire maphunziro poona mbiri yake. Ayambe ngati wothandizira, kufikira anzake m'ndegemo atamasuka kumudzudzula popanda mantha.